Rachel Carson: mayi amene adachenjeza dziko za mankhwala a poizoni

Malemu Mayi Rachel Carson adabadwa m'chaka cha 1907 ku Springdale m'dziko la America. Adaphunzira sayansi ya zamoyo pa yunivesite ya Johns Hopkins, ndipo adagwira ntchito kunthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama zakutchire.

M'chaka cha 1962 adatulutsa buku lotchedwa Silent Spring, momwe adaonetsa kuti mankhwala ophera tizilombo monga DDT sathera pamalo pomwe apoperedwa kapena kutayidwa. Mvula imawakokolera m'mitsinje, amalowa m'nsomba ndi mbalame, mpaka kufika m'thupi la munthu.

Makampani opanga mankhwalawo adawanyoza kwambiri mayiwa, koma iwo, ngakhale ankadwala khansa, adakapereka umboni kunyumba ya malamulo ya dzikolo mu 1963. Adamwalira mu 1964, ndipo mu 1972 boma la America lidaletsa DDT pa ulimi.

Chenjezo lawo likukhudzanso alimi a thonje a kwa Mbenje m'boma la Nsanje. Kutsukira mpope mumtsinje wa Shire, kapena kutungira madzi akumwa m'zigubu zomwe mudali mankhwala, n'kudyetsa banja poizoni.