James Clerk Maxwell, katswiri amene anafufuza chifukwa chimene makina amasowera kukhazikika

BINDURA — Mapampu ochotsa madzi ndi zigayo zophwanya miyala pa mgodi wa golide wa Freda Rebecca, m'dera limene muli zidzukulu zambiri za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, zimadalira magetsi ochokera kutali, monga ku Kariba ndi ku Hwange. Makina olemera otere akayatsidwa, majenereta amalemedwa n'kuyamba kuchepa liwiro, pamene magetsi ayenera kumasinthasintha maulendo 50 pa sekondi. Chimene chimabwezeretsa liwirolo ndi chipangizo chotchedwa governor, ndipo munthu woyamba kulongosola bwino masamu ake anamwalira malo opangira magetsi a anthu onse asanakhaleko.

James Clerk Maxwell anabadwira ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, pa 13 June 1831. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 8. Ali ndi zaka 14 analemba pepala lake loyamba la masamu, koma pa msonkhano wa akatswiri analiwerenga ndi munthu wina poti mwiniwake anali mwana. Anaphunzira ku Cambridge, kenaka anaphunzitsa ku Aberdeen ndi ku London.

Dziko limamukumbukira kwambiri chifukwa cha malamulo ake olumikiza magetsi, maginito ndi kuwala. Koma pepala lake la mu 1868, On Governors, linakhudza vuto limene linkasautsa amisiri a injini za nthunzi. Governor ina inkati ikaona injini yafulumira, n'kuchepetsa nthunzi mopitirira muyeso. Injini ikafooka, n'kuwonjezanso mopitirira, mpaka makina onse kumangothamanga ndi kuzilala mosalekeza. Amisiri ankangoyesa izi ndi izo. Maxwell anasonyeza kuti masamu angathe kuneneratu ngati kugwedezekako kudzatha kokha kapena kudzakulirakulira, chipangizocho chisanasulidwe n'komwe.

Iye anapeza yankho la makina osavuta okha. Amene anamaliza ntchitoyo mu 1877 anali Edward Routh, yemwe uja anamuposa pa mayeso a masamu ku Cambridge mu 1854. Pepala la Maxwell linakhala zaka zambiri osalabadiridwa, kufikira Norbert Wiener atalitamanda mu 1948.

Funso lake lakula masiku ano. Kuchokera mu 1995 maiko a kuno kummwera akugulitsana magetsi kudzera m'bungwe la Southern African Power Pool, limene likulu lake lili ku Harare, choncho jenereta imodzi ikasokonezeka, vutolo likhoza kuwoloka malire. Akatswiri tsopano akugwiritsa ntchito makompyuta oneneratu katundu amene akubwera, kuti jenereta ikonzeke liwiro lisanagwe.

Maxwell anakhala mkulu woyamba wa Cavendish Laboratory ku Cambridge. Anamwalira ndi khansa ya m'mimba pa 5 November 1879, ali ndi zaka 48.