Dr Daniel Malekebu: Dokotala Amene Anakanizidwa Kulowa Kwawo

Mkonzi wa kalata yathu anandipempha kuti ndilembe mbiri ya munthu mmodzi wotchuka, ndipo poyamba ndinazengereza, poti ndine wopuma pa ntchito ndipo masiku anga amathera kudimba kuno ku Nselema. Koma posachedwapa ndinalandira kalata yochokera kwa mwana wa mlongo wanga, yemwenso anadutsa pa sukulu yathu ija. Iye ndi dokotala, ndipo watsiriza maphunziro a ukatswiri wa matenda a mtima kunja kwa dziko lino. Walembera m'malo angapo kuno kumudzi kufunsira ntchito koma yankho silikubwera, pamene kumene aliko akumuumiriza kuti akhale. Tsono akufunsa ine malume ake chochita. Yankho langa ndi mbiri ya Dr Daniel Sharpe Malekebu, ndipo ndaona kuti n'kwabwino kuti nonse muimve.

Malekebu anabadwira m'boma la Chiradzulu cha m'ma 1889, m'banja la Chiyao ngati ambiri a ife kuno ku Machinga. Ali mnyamata analowa sukulu ya mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, yomwe anaiyambitsa Mbusa John Chilembwe m'chaka cha 1900. Kumeneko ankagwira ntchito pakhomo pa Mayi Emma DeLany, mmishonale wachikuda wochokera ku America. Mayiwa atabwerera kwawo, mnyamatayu anawalondola. Anayenda pansi mpaka ku Beira, napeza ganyu m'sitima ya pamadzi, ndipo anadzera ku London asanafike ku New York.

Ku America anaphunzira m'sukulu zingapo, kuphatikizapo Selma University ku Alabama, ndipo m'chaka cha 1917 anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville. Motero anakhala Mmalawi woyamba kulandira digiri ya udokotala, zaka 20 Dr Kamuzu Banda asanatsirize pa koleji yomweyo mu 1937. M'chaka cha 1919 anakwatira Flora Zeto, wobadwira ku Congo, yemwe anaphunzira ku Spelman.

Wina angaganize kuti dziko lomwe linalibe dokotala wachikuda ndi mmodzi yemwe likanamlandira ndi nthungululu. Sizinatero. Mu Januwale 1915 kunachitika kuukira kwa Chilembwe, ndipo boma la atsamunda linagumula tchalitchi cha ku Mbombwe n'kutseka mishoniyo. Pamene Malekebu ndi mkazi wake anayesa kubwerera mu 1921, boma silinafune wophunzira wa Chilembwe pakati pa anthu ake, ndipo linawakaniza kukhala m'dziko muno. Taganizani, anzanga: digiri ili m'chikwama, odwala ali pomwepo, koma chitseko n'chotseka.

Apa ndi pamene pagona phunziro. Malekebu sanakhale manja lende kudandaula, komanso sanabwerere ku America kukaiwala za kwawo. Anayamba wakhala ku South Africa, kenaka anapita ku Liberia kumene anagwira ntchito pa sukulu ya Ricks Institute. Imeneyi sinali ntchito imene ankaifuna, koma anaigwira maso ali kumudzi. M'chaka cha 1926, patapita zaka 9 chitsirizire udokotala, boma linamlola kubwera. Anatsegulanso mishoni ya ku Mbombwe mothandizidwa ndi mpingo wa National Baptist Convention wa ku America, ndipo pamalo pomwe panali bwinja panadzamangidwa tchalitchi, sukulu ndi chipatala. Ntchito imene palibe anamlemba, iye anaiyambitsa yekha. Anamwalira m'chaka cha 1978. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malekebu sanali katswiri wa mtima, popeza ukatswiri wotere unadzakula pambuyo pake. Koma ngakhale Christiaan Barnard, amene anaika mtima wa munthu wina mwa wodwala koyamba pa dziko lonse pa 3 Disembala 1967 ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, anayamba ngati dokotala wamba m'tauni yaing'ono ya Ceres. Njira ya ukatswiri siwongoka.

Lero zinthu zinasintha. Kuyambira mu 1991 madokotala amaphunzira konkuno, pa College of Medicine ku Blantyre, yomwe mu 2021 inakhala mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Komabe akatswiri a mtima akadali ochepa, pamene odwala ndi ambiri. Mwana akadwala zilonda za pakhosi osalandira mankhwala oyenera, matendawo amatha kuononga tizitseko ta mu mtima, ndipo pakapita zaka amayamba kubanika ndi kutupa miyendo. Kuthamanga kwa magazi nakonso kwatitengera anzathu angapo amene tinkagona nawo chipinda chimodzi. Wodwala wa kuno ku Nselema amayenera kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba mpaka ku Blantyre kuti aonane ndi katswiri, ndipo si onse amene amakafika.

Choncho kwa iwe mphwanga ndikuti: usaleke kulemba makalata. Ngati atakupatsa ntchito ya udokotala wamba kapena yophunzitsa, uilandire, ndipo odwala mtima adzakupeza okha. Ngati uyenera kuyamba wagwira kunja, gwira, koma usamasule katundu yense.

Kwa inu anzanga amene muli m'maofesi ndi m'zipatala ndikuti: mukamva za malo a ntchito, dziwitsani mlembi wa bungwe lathu kuti alengeze m'kalata ino. Malekebu anatsekeredwa chitseko ndi alendo. Zingakhale zamanyazi kuti ana athu achipeze chotseka ife eni ake tili m'kati.