Richard Thornton, mnyamata wofufuza miyala

Richard Thornton anabadwira ku England m'chaka cha 1838. Anaphunzira za miyala pa sukulu ya migodi ku London.

M'chaka cha 1858 anafika ku Tete pamodzi ndi David Livingstone. Anali ndi zaka 20 zokha. Ntchito yake inali kufufuza chuma cha pansi pa nthaka ndi kujambula mapu osonyeza pamene chili.

Thornton analibe makina oboola pansi ngati a masiku ano. Ankayenda ndi nyundo, kuswa miyala ndi kuiyang'anitsitsa. Iye ndi antchito ake anakumba dzenje lolowa m'malasha kutsidya la Zambezi, kudera la Moatize. Ana inu, malasha ndi miyala yakuda imene imayaka ngati makala.

Malungo anamuvutitsa kwambiri. Livingstone anamuyesa waulesi, namuchotsa ntchito m'chaka cha 1859. Apa Livingstone analakwa, pakuti mnyamatayo ankadwala.

Thornton sanabwerere kwawo. M'chaka cha 1861 anakayeza kutalika kwa phiri la Kilimanjaro. Pambuyo pake anabwereranso kwa Livingstone, ku mtsinje wa Shire.

M'chaka cha 1863 kumeneko kunagwa njala yoopsa. Thornton anayenda wapansi mpaka ku Tete kukagula mbuzi ndi nkhosa za anzake anjala. Anabwera nazo ndithu, koma atafooka. Anadwala kamwazi ndi malungo, namwalira ali ndi zaka 25.

Anamuika pafupi ndi mathithi a Shire, ku Malawi, patsinde pa mtengo waukulu.