Theo van Doesburg

Theo van Doesburg (30 Ogasiti 1883 – 7 Malichi 1931) anali wojambula zithunzi, mlembi komanso wokonza mapulani a nyumba wa ku Netherlands. Amadziwika poyambitsa gulu la De Stijl ndiponso popanga zilembo za makona okhaokha.

Chiyambi chake

Anabadwira ku Utrecht, ndipo dzina lake lenileni linali Christian Emil Marie Küpper. Dzina la Doesburg analitenga kwa bambo ake omupeza. Mu 1917 anayambitsa magazini ya De Stijl ku Leiden pamodzi ndi Piet Mondrian ndi anzawo ena. Gululi linkajambula ndi mizere yoima ndi yogona yokha.

Zilembo za 1919

Mu 1919 Van Doesburg anagwiritsa ntchito lamulo lomweli pa zilembo. Anatenga bokosi la mbali zinayi zofanana n'kuligawa m'timabokosi 25, tisanu m'litali ndi tisanu m'lifupi, ndipo ankamanga chilembo chilichonse m'bokosilo. Zilembozo zinali zazikuluzikulu zokha, zopanda mzere wokhota kapena wopendekeka, moti O ankaoneka ngati felemu la zenera. Zimafanana ndi manambala a pa kakyuleta kapena pa mita ya magetsi.

Ubwino wake unali wakuti aliyense wokhala ndi rula akanatha kuzijambula mofanana. Vuto linali pa K ndi X, zomwe mwachibadwa zimafuna mizere yopendekeka: zinasintha maonekedwe n'kukhala zovuta kuzizindikira. Opanga zilembo za makina amakumanabe ndi vuto lomweli, losankha pakati pa dongosolo lokhwima ndi kuwerengeka mosavuta.

Kusiyana ndi Mondrian

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 anakakhala ku Weimar ku Germany, komwe maganizo ake anakopa ophunzira a sukulu ya Bauhaus. Cha mu 1924 iye mwini anayamba kujambula zithunzi za mizere yopendekeka. Mondrian sanagwirizane nazo ndipo anachoka m'gululi. Kuyambira 1926 mpaka 1928 Van Doesburg anakongoletsa m'kati mwa nyumba ya Aubette ku Strasbourg pamodzi ndi Hans Arp ndi Sophie Taeuber-Arp.

Imfa yake

Anamwalira ndi matenda a mtima ku Davos ku Switzerland ali ndi zaka 47. Magazini yomaliza ya De Stijl inatuluka mu 1932 pomukumbukira. M'zaka za m'ma 1990 Freda Sack ndi David Quay a ku London anakonza zilembo zake kuti zizigwira ntchito pa kompyuta, n'kuzitcha Architype Van Doesburg.