Cleisthenes

Cleisthenes (anabadwa cha m'ma 570 BC) anali mtsogoleri wandale wa mumzinda wa Athens ku Greece wakale. Amadziwika chifukwa chosintha malamulo a mzindawu mu 508 ndi 507 BC, zomwe zinapereka mphamvu zolamulira kwa nzika wamba. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amamutchula kuti tate wa demokalase ya ku Athens.

Banja lake

Cleisthenes anabadwira m'banja lolemera komanso lotchuka la Alcmaeonid. Bambo ake anali Megacles ndipo mayi ake anali Agariste, mwana wa wolamulira wa mzinda wa Sicyon yemwenso dzina lake linali Cleisthenes. Cleisthenes akukula, Athens anagwa m'manja mwa Peisistratos, yemwe anatenga ulamuliro mokakamiza, ndipo atamwalira mu 527 BC mwana wake Hippias analowa m'malo. Cleisthenes anakhalapo pa udindo wa archon, womwe unali waukulu mumzindawo, mu 525 BC, koma kenako banja lake linathawira kunja.

Kulimbirana ulamuliro

Ali kunjako, a m'banja lake anathandiza kumanganso kachisi wa Apollo ku Delphi. Malinga ndi Herodotus, iwo ananyengerera wolosera wa pakachisiyo kuti aziuza anthu a ku Sparta kuti akamasule Athens. Mu 510 BC mfumu Cleomenes ya ku Sparta inathamangitsa Hippias.

Zitatero, Cleisthenes anayamba kulimbirana mpando ndi Isagoras, yemwe mabanja olemera ankamukonda. Ataona kuti wagonja, Cleisthenes anatembenukira kwa anthu wamba ndi kuwalonjeza gawo mu ulamuliro. Isagoras anaitananso Cleomenes, yemwe anapirikitsa Cleisthenes pamodzi ndi mabanja 700 ndipo anayesa kuthetsa khonsolo ya mzinda. Anthu anakana. Anazinga asilikali a ku Sparta paphiri la Acropolis kwa masiku awiri, ndipo tsiku lachitatu asilikaliwo anachoka. Cleisthenes anaitanidwa kuti abwerere kwawo.

Zimene anasintha

Poyamba nzika za Athens zinali m'mafuko anayi otengera chibale, ndipo mabanja olemera ndiwo ankawatsogolera. Cleisthenes anakhazikitsa mafuko khumi atsopano otengera komwe munthu amakhala. Maziko ake anali midzi ndi madera otchedwa deme, omwe anali pafupifupi 139. Dera lonse la Attica analigawa patatu: mumzinda, m'mbali mwa nyanja ndi kumtunda. Fuko lililonse linkakhala ndi midzi yochokera m'zigawo zitatu zonsezi.

Anakhazikitsanso khonsolo ya anthu 500, fuko lililonse likutumiza anthu 50. Khonsoloyi inkakonza nkhani zokakambidwa pa msonkhano wa nzika zonse wotchedwa ekklesia, womwe unkachitikira paphiri la Pnyx. Kumeneko nzika iliyonse inali ndi ufulu woyankhula ndi kuvota pokweza dzanja pa nkhani za nkhondo, malamulo ndi ndalama za boma.

Buku la Aristotle lofotokoza za malamulo a Athens limati Cleisthenes ndiyenso anayambitsa lamulo lochotsa munthu mumzinda kwa zaka khumi. Nzika zinkalemba dzina la munthu amene zinkamuopa kuti angalande boma pa mapale a mbiya zosweka. Lamuloli linagwiritsidwa ntchito koyamba cha m'ma 487 BC.

Chifukwa chake dongosololi linayenda

Choyamba, kusakaniza midzi kunafoola mphamvu za mabanja akuluakulu. Msodzi wa kunyanja, mlimi wa kumtunda ndi wamalonda wa mumzinda ankapezeka m'fuko limodzi, kutumikira limodzi m'khonsolo ndi kumenyera limodzi nkhondo. Zinali zovuta kuti banja limodzi ligwire fuko lonse.

Chachiwiri, dera linali laling'ono ndipo nzika zovota zinali amuna masauzande makumi angapo chabe. Anthu a m'mudzi umodzi ankadziwana, ndipo mudziwo ndiwo unkasunga kaundula wa nzika zake.

Chachitatu, maudindo ankasinthana. M'zaka zotsatira, a m'khonsolo ankasankhidwa pochita maere, ankatumikira chaka chimodzi ndipo munthu sankaloledwa kulowamo koposa kawiri pa moyo wake. Motero anthu ambiri anaphunzira kayendetsedwe ka boma pogwira okha ntchitoyo.

Chachinayi, ovota ndiwo ankasenza zotsatira za voti yawo. Amene ankavomereza nkhondo ndi omwewo ankanyamula mikondo kapena kupalasa zombo. Mu 506 BC asilikali a Athens anagonjetsa a ku Boeotia ndi a ku Chalcis, ndipo Herodotus analemba kuti ufuluwu ndiwo unawalimbitsa mtima.

Komabe, demokalaseyi inasiya kunja anthu ambiri. Amayi, akapolo ndi alendo okhala mumzindawo sankavota, ndipo ntchito za akapolo zinkathandiza nzika zina kupeza nthawi yopita kumisonkhano.

Cholowa chake

Mawu amene ankagwiritsidwa ntchito pofotokoza dongosololi poyamba anali isonomia, kutanthauza kufanana pamaso pa lamulo. Dzina loti demokalase linafala pambuyo pake. Pericles, mwana wa Agariste yemwe anali mwana wa m'bale wake wa Cleisthenes, anapititsa patsogolo ntchitoyi poyamba kulipira oweruza milandu kuti osauka nawonso azitha kutenga mbali. Ngakhale inasokonezedwa kwa kanthawi mu 411 ndi 404 BC, demokalase ya ku Athens inakhalapo mpaka mu 322 BC pamene asilikali a ku Macedonia anaithetsa.