William Koyi, Mlaliki wa Chixhosa Amene Adagona pa Njuyu

M'mbiri za anthu akale zimene tikufotokoza m'ndime ino, lero tafika pa munthu amene dzina lake silimveka kaŵirikaŵiri kunja kwa chigawo cha Kumpoto. Mukafunsa ana a sukulu kuti atchule amishoni oyamba a Livingstonia, yankho limadza msanga: Dotolo Robert Laws, Dotolo Walter Elmslie, kapena Donald Fraser. Onseŵa adagwiradi ntchito yotamandika. Komatu amene adatsegula khomo la dziko la Angoni a M'mbelwa, nakhala pakati pa mikondo ndi zishango mzungu asanayerekeze kumanga nyumba kumeneko, adali munthu wakuda mnzathu, Mxhosa wa ku South Africa, dzina lake William Koyi.

Koyi adabadwa m'chaka cha 1846 kufupi ndi mtsinje wa Thomas River, kuvuma kwa dziko la Cape, ndipo makolo ake sadali Akhristu. Zaka za ubwana wake zidali zoŵaŵa kwa Axhosa onse. Chaka chimene iye adabadwa ndicho chimene idabuka nkhondo ina ya Axhosa ndi Angerezi, ndipo ali ndi zaka ngati khumi, mu 1856 ndi 1857, anthu a mtundu wake adapha ng'ombe zawo naleka kulima chifukwa chomvera ulosi wa mtsikana Nongqawuse. Njala imene idatsatira idapha anthu zikwizikwi, ndipo otsala ambiri adabalalika kukafuna ganyu kwa azungu. Koyi nayenso adakula akugwirira ena ntchito. Adayamba ndi kutsogolera ng'ombe zokoka ngolo, kenaka adakatsuka ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, napitirira ku Port Elizabeth kumene adagwira ntchito m'sitolo. Kuŵerenga adakuphunzira ali kale wamkulu, ndipo mu 1869 adatembenuka mtima naloŵa mpingo wa Wesleyan.

Mu 1871, ali ndi zaka 25, adayenda pansi ulendo wa masiku ambiri kumka ku Lovedale, sukulu yotchuka ya mpingo wa Free Church of Scotland imene idali pafupi ndi mzinda wa Alice. Taganizani, aŵerengi, munthu wa ndevu zake, amene adadya kale ndalama za thukuta lake, kukhala pa benchi limodzi ndi anyamata ang'onoang'ono, iwo nkumamupambana pa masamu ndi Chingerezi. Koyi sadali wakuthwa mutu m'kalasi, ndipo iye mwini sadabise zimenezi. Chimene aphunzitsi ake adaona mwa iye ndi kukhulupirika, kotero kuti adamuika kukhala mmodzi wa oyang'anira anzake pa ntchito zamanja.

Nthaŵi imeneyo nkuti kuno kwathu zinthu zikuyamba kusintha. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala idaloŵa m'nyanja yathu, ndipo amishoni a Livingstonia adamanga malo awo oyamba pa Cape Maclear. Chaka chotsatira mkulu wa Lovedale, Dotolo James Stewart, adakonzeka kupita kukalimbikitsa ntchitoyo, ndipo ophunzira adafunsidwa ngati alipo ofuna kudzipereka. Adaimirira anthu 14, nasankhidwa anayi: Shadrach Mngunana, Isaac Williams Wauchope, Mapassa Ntintili ndi William Koyi. Pa msonkhano umenewo Koyi adalankhula mwachidule. Pokumbukira fanizo la matalente, iye adati anzake adalandira ambiri pamene iye adangolandira theka la limodzi, koma adali wokonzeka kupita nalo thekalo, ngakhale ntchito yake ikakhale yongotola nkhuni ndi kutunga madzi. Mawu ameneŵa akhala akubwerezedwa m'maguwa ambiri, mwina mpaka kuiŵalitsa munthu amene adaŵanena.

Adanyamuka mu Julaye 1876, nadzera ku Quelimane, kukwera Zambezi ndi Shire, kulambalala mathithi pansi, nafika pa Cape Maclear mu Okutobala. Mwa anayi aja, Wauchope adadwala panjira nabwezedwa kwawo asanaione nkomwe nyanja. Mngunana, amene ambiri adamuyembekeza kuti ndiye adzachita zazikulu popeza adali wophunzira bwino, adaphunzitsa sukulu miyezi yoŵerengeka namwalira mu 1877, chaka chomwe adamwaliranso Dotolo William Black. Ntintili, mmisiri wa matabwa, adathandiza kumanga mishoni ya Blantyre nabwerera kwawo mu 1880. Motero wa theka la talente uja ndiye adatsala.

Mphatso yake yeniyeni idaonekera mu 1878, pamene Dotolo Laws adanyamuka ulendo wautali wofufuza malo abwino kuposa Cape Maclear, kumene malungo adali kutha anthu. Ulendowo udadzera kwa Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko, nupitirira kumpoto mpaka kumapiri a Angoni a Jere. Tikudziŵa kuti Angoni ameneŵa adachokera kumwera, naoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, tsiku limene kudachita kadamsana. Ngakhale padali patapita zaka zoposa makumi anayi, akuluakulu awo adali kulankhulabe Chingoni, chimene ndi chibale wa Chizulu ndi Chixhosa. Tsono Koyi atatsegula pakamwa, madoda adadabwa kumva mlendo wovala ngati mzungu akulankhula chinenero cha makolo awo, akudziŵanso malonje ake, pokhala pake, ndi nthaŵi yoyenera kukhala chete pamaso pa mfumu. Zimenezi sizidalembedwe m'buku lililonse limene amishoni adabwera nalo. Kumapeto kwa chaka chimenecho iye adaikidwa pa Kaning'ina, kufupi ndi pamene pali mzinda wa Mzuzu lero, kuti azikhala pakati pa Angoni a kumapiri ndi Atonga a kunyanja, ndipo mu 1879 adathandiza kuti Laws aonane ndi Inkosi M'mbelwa. Angoni adamutcha Mtusane, dzina limene olemba mbiri amalimasulira kuti mkhalapakati.

Mu 1880 Koyi adapita kwawo kukapuma, ndipo kumeneko adakwatira mwana wamkazi wa mbusa wina wa ku Cape. Apa mpofunika kuima pang'ono. Munthuyu adali atagwira kale zaka zinayi m'dziko la malungo, ataika m'manda mnzake amene adachoka naye ku Lovedale, ndipo tsopano adali ndi banja latsopano pakati pa abale ake. Akadasankha kukhala, palibe akadamunena, pakuti ngongole yake adali atabweza. Iye adabwerera, ndipo mkazi wake adamutsatira pambuyo pake kudzakhala naye m'dziko limene panalibe mayi, mlongo kapena mnansi woti nkumudandaulira. Mabuku a amishoni amangomutchula mayiyu mongodutsa, monga mwa chizoloŵezi cha olemba a masiku amenewo, koma ife amene tikudziŵa kulemera kwa kusiya kwanu tiyenera kumuŵerengera pamodzi ndi mwamuna wake. Nyumba yawo ndiyo idali banja loyamba la Akhristu akuda limene Angoni a M'mbelwa adaliona ndi maso awo, ndipo anthu amene sakadamvera ulaliki adali kupenya m'mene aŵiriwo adali kukhalira.

Pamene iye adabwerera, mishoni idali itasamukira ku Bandawe mu 1881. Chaka cha 1882 Koyi adakwera kumapiri nakakhazikika pa Njuyu, kufupi ndi mtsinje wa Kasitu ndi phiri la Hora, m'boma limene lero ndi la Mzimba. Pambuyo pake adadza James Sutherland, mlimi wa ku Scotland, ndiponso Mxhosa wina wa ku Lovedale, George Williams.

Zaka zinayi zimene zidatsatira ndizo mtima wa mbiri yake, ngakhale kuti munthu woŵerenga zipatso sangapezemo kanthu kolozeka. Vuto lidali lotere. Atonga ambiri adali atapandukira Angoni nathaŵira kunyanja, ndipo Angoni adali kuŵaona ngati anthu awo othaŵa. Tsono amishoni pomanga pa Bandawe adaoneka ngati atenga mbali ya opandukawo. M'mbelwa ndi madoda ake adafuna kuti mishoni ichoke kunyanja, idzakhale kwa iwo okha, kuti asilikali awo akathire nkhondo Atonga popanda chopinga. Padalinso nsanje pakati pa akuluakulu, pakuti aliyense adafuna kuti alendo, pamodzi ndi nsalu ndi mikanda yawo, akhale pa mudzi wake. Za sukulu adakanitsitsa, ndipo chifukwa chawo sichidali chopusa: adaona kuti ana akaphunzira Mawu oletsa kupha ndi kufunkha, adzakana kunyamula chishango, ndipo ufumu umene udamangidwa pa nkhondo udzagwa. Adaloleza mapemphero a tsiku la Sabata okha.

Koyi adakhala pakati pa zonsezi. Adali kuona magulu a nkhondo akutsika kunyanja ndi kubwera ndi akapolo, iye wopanda mphamvu yoŵaletsa. Adali kuitanidwa ku mabwalo kumene anyamata adali kuvina ndi mikondo pamaso pake pofuna kumuopseza. Adali kunyamula mawu aukali a mfumu kupita nawo kwa Laws, ndi kubweretsa yankho la Laws kwa mfumu, ndipo aliyense amene adakhalapo nkhoswe pa mlandu wovuta akudziŵa kuti wotumidwa ndiye amalandira mkwiyo wa mbali zonse ziŵiri. Kangapo konse iye ndi anzake adagona atamanga akatundu, okonzeka kuthaŵa usiku. Mnzake Sutherland adamwalira mu 1885. Pa zaka zonsezi sadabatizidwe Mngoni ndi mmodzi yemwe.

Chidamusunga nchiyani munthu ameneyu? Amene adakhala naye, makamaka Dotolo Elmslie amene adafika pa Njuyu mu 1885 nalemba za iye m'buku lake la Among the Wild Ngoni, amachitira umboni za kuleza mtima kwake ndi kukonda kwake pemphero. Koyi sadali kufulumira. Adali kukhala pansi ndi madoda, kumva milandu yawo, kuyendera odwala ndi kulira nawo maliro, podziŵa kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Elmslie, amene adali wachinyamata ndi wamtima wapachala, adavomera kuti adaphunzira kwa iye kakhalidwe koyenera pakati pa Angoni. Ndipo apa tinene mosabisa kuti ngakhale Koyi adali mphunzitsi wa amishoni pa nkhani zimenezi, mpingo sudamudzoze ubusa. Adakhala mlaliki mpaka imfa yake, pansi pa anthu amene iye adali kuŵatsogolera njira. Ife tikuona kuti pamenepa mpingo udachedwa kuzindikira chimene Angoni adazindikira msanga.

Komabe pansi pa phulusa padali moto. Anyamata ena adayamba kubwera ku mishoni usiku, mozemba, kudzaphunzira kuŵerenga. Mwa iwo mudali Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, ana a sing'anga wodziŵika wa m'deralo.

Kumapeto kwa 1885 mvula idakana. Angoni adapereka nsembe za ng'ombe kwa mizimu ya makolo, koma kumwamba kudangoti mbee. Ena adati amishoni ndiwo amanga mvula, ndipo moyo wa alendowo udalinso pa ngozi. Mu Januwale 1886 akuluakulu adapempha kuti amishoni apemphere kwa Mulungu wawo. Mapemphero adachitika pa Njuyu anthu atasonkhana ambiri, ndipo tsiku lotsatira mvula idagwa. Amishoni adayesetsa kufotokoza kuti iwo alibe mankhwala a mvula, koma mitima ya anthu idali itagwedezeka. Patapita miyezi yoŵerengeka, bwalo la M'mbelwa lidagamula kuti sukulu ziloledwe m'dziko lonse la Angoni.

Uthenga umenewu udamupeza Koyi ali gone pa mphasa, matenda atamufooketsa. Adaumva ali moyo, nayamika Mulungu kuti waona chimene adachidikira zaka zonsezo, ndipo pa 4 Juni 1886 adamwalira, ali ndi zaka 40. Adaikidwa pa Njuyu pomwepo, ndipo mkazi wake adabwerera ku South Africa wamasiye.

Kusoŵa kwake kudaoneka msanga. Mu 1887 mkangano wa Angoni ndi Atonga udafika poipa kwambiri, kotero kuti Elmslie adakwirira mankhwala ake pansi pokonzekera kuthaŵa, ndipo Laws adachita kukwera yekha kumapiri mu Okutobala kukakambirana ndi M'mbelwa. Nkhondo idapeŵeka, ndipo ubale umene Koyi adaumanga udapirira. Sukulu yoyamba idali itatsegulidwa pa Njuyu kumapeto kwa 1886. Mu 1889 mishoni idamanga pa Ekwendeni, kwa Inkosi Mtwalo. Mu 1890 Mawelera ndi Makara Tembo adabatizidwa, kukhala Akhristu oyamba a dziko la M'mbelwa, ndipo Mawelera adadzakhala mkulu wa mpingo ndi wopeka nyimbo zachikhristu pa maimbidwe a Chingoni. Pofika 1898 anthu zikwi zingapo adasonkhana pa Ekwendeni ku msonkhano wa sakramenti, ena mwa iwo amuna omwe aja amene kale adali kutsika kunyanja ndi mikondo. Ndipo mu 1904, pamene Alfred Sharpe adadza kudzaika dziko la Angoni a kumpoto pansi pa boma la Angerezi, nkhaniyo idatha ndi kukambirana, pamene kwa Gomani mu 1896 ndi kwa Mpezeni mu 1898 idatha ndi mfuti.

Sinodi ya Livingstonia idatcha nyumba yake ya alendo ya mu mzinda wa Mzuzu dzina la William Koyi, kufupi ndi Kaning'ina kumene iye adayamba kukhala pakati pa Angoni ndi Atonga mu 1878.