THOMAS BAINES, MMISIRI WA ZITHUNZI ZA KU TETE (1820-1875)

Munthu wocoka pa boma la Katete nalunjika kumwera, akapitirira cipata ca Chanida, walowa m'dziko la Mozambique, ndipo mseu umenewo umtsitsira kufikira ku mzinda wa Tete pa mtsinje wa Zambezi. Njirayo ndi yakale koposa mseu wace. Masiku aja Undi anali kukhala ku Maano, asanaoloke malire kudzakhala m'dziko la Katete, anthu ace anali kusenza minyanga ya njobvu kunka nayo ku Tete, nabwerako ndi nsaru ndi mikanda. Makolo amenewo anadziwa kulemba zithunzi, monga acitira umboni matanthwe a ku Makwe ndi ku Thandwe. Koma zithunzi zao zinali za mwambo, zolangizira anamwali, ndipo za mzinda wa amalonda sanalembe. Cifukwa cace wofuna kuona Tete wa masiku aja, nyumba zace, linga lace ndi nkhope za anthu ace, ayenera kupita kwa Mngelezi wina amene anakhalako monga caka cimodzi cokha, nacotsedwako ndi mbiri ya kuba. Dzina lace ndiye Thomas Baines.

Iye anabadwa pa 27 November 1820 ku King's Lynn, doko la kum'mawa kwa England. Atate wace anali woyendetsa zombo, ndipo mwanayo anakula alikupenya matanga ndi madzi. Pofika zaka 16 anampereka kwa mmisiri wokometsa magareta ndi utoto, ndipo kumeneko anaphunzira kusanganiza utoto ndi kugwira burashi ndi dzanja losanjenjemera. Zotsala anadziphunzitsa yekha. M'caka ca 1842 anakwera combo kunka ku Cape Town, kumene anayamba ndi magareta omwewo, kenaka nayamba kulemba zithunzi za zombo ndi za anthu ofuna kulipira. Mu 1848 anasamukira ku Grahamstown, nayamba maulendo ace a m'kati mwa dziko. Pa nkhondo ya Angelezi ndi Axhosa, m'zaka za 1851 ndi 1852, anayenda ndi asilikari a Angelezi monga wolemba zithunzi wao. Ndipo woziona zithunzi zimenezo azikumbukira kuti zinalembedwa ndi munthu wogona m'misasa ya mbali imodzi.

Mu 1855 anapita ndi Augustus Gregory kukazonda kumpoto kwa Australia. Nchito zace zinali ziwiri, kulemba zithunzi ndi kusunga katundu wa ulendo. Anazigwira bwino, kotero kuti mtsinje wina wa dzikolo uchedwa ndi dzina lace kufikira lero. Mau awa asungidwe, pakuti nchito ziwiri zomwezo ndizo anampatsanso pa Zambezi, ndipo yaciwiriyo ndiyo inamgwetsa.

David Livingstone, atabwera ku England ndi mbiri ya ulendo wace wodutsa Africa, anatumidwa ndi Boma kuti akayese ngati Zambezi angakhale mseu wa malonda oyenera ndi wa Uthenga Wabwino, kuti malonda a akapolo afe. Ananyamuka m'mwezi wa March 1858 pa combo cochedwa Pearl. Anzace anali mphwace Charles Livingstone, sing'anga John Kirk wodziwa za mitengo, Richard Thornton wodziwa za miyala, George Rae wa makina, Norman Bedingfeld wa zombo za nkhondo, ndi Baines. Anatenganso kasitima ka nthunzi ka m'mtsinje, Ma Robert, kamene kanadya nkhuni zambiri ndi kuyenda pang'ono. Baines analamulidwa kulemba mokhulupirika maonekedwe a dziko, nyama, mitengo, ndi anthu a mitundu yonse ndi nchito zao.

Mabvuto anayamba asanafike ku Tete. Pearl sanakhoze kukwera mtsinje cifukwa ca kucepa kwa madzi, ndipo katundu yense anamtsitsira pa cisumbu cina ca kunsi, kuti kasitima kaja kamtute pang'ono pang'ono. Mabokosi anatsegulidwa ndi manja ambiri, ena ananyowa, ena anatsala m'mbuyo. Wosunga katundu pa ulendo wotere afunika kukhala ndi mutu wozizira ndi buku losasokonezeka. Koma Baines anagwidwa ndi malungo kawiri kawiri, ndipo pomgwira anali kubwebweta ndi kuiwala zimene anacita. Akatsitsimuka sanadziwe kupuma, koma anabwerera pa dzuwa ndi mapepala ace.

Ulendo unafika ku Tete mu September 1858, ndipo mkulu wa Apwitikizi, Major Tito Sicard, anawapatsa nyumba. M'mwezi wa November Livingstone anakaona mathithi a Kebrabasa kumtunda kwa mzindawo, amene pa ulendo wace woyamba anawalambalala osawaona, napeza kuti sitima siingapitepo. Tsono anatembenukira ku mtsinje wa Shire, namsiya Baines ku Tete asunge katundu. Cotero iye sanaione nyanja ya Cilwa, kapena Nyanja yaikuru imene anzace anaifikira mu September 1859. Cilipo cithunzi cace ca njobvu m'madzi a Shire irikuomberedwa ndi a m'kasitima, koma cimeneco anacilemba pomva za anzace, osati poona ndi maso.

Kutsala kumeneko, kumene kunamwawa mtima, ndiko kunapindulitsa a m'tsogolo. Miyezi imeneyo analemba Tete monga aoneka munthu ataima tsidya la kumpoto: nyumba za Apwitikizi pa mitunda yace, ndi mtsinje waukuru patsogolo pace. Analemba anthu alikukumba malasha pafupi ndi mzindawo, m'dziko lomwelo limene lero lichuka ndi migodi ya Moatize. Analemba anthu a ku Katipo alikupanga shuga ndi kuumba mbiya zomsungiramo. Anakwera ku Kebrabasa nalemba madzi alikudzipanikiza pakati pa matanthwe akuda. Ndipo popeza damu la Cahora Bassa, lotsirizika mu 1974, linamiza mathithi ambiri a pamenepo, pali malo amene tsopano aoneka m'zithunzi zace zokha. Analembanso nkhope za anthu mmodzi mmodzi. Azungu ambiri a nthawi ija polemba munthu wakuda anangochula mtundu wace, monga acita ndi mbalame kapena mtengo; Baines pa zithunzi zina anaika maina, ndipo cifukwa ca ici adziwika Conde wa ku Tete, ndi Shibante wa ku Mazaro, woongolera ngalawa. Pansi pa cithunzi ca Shibante analembapo kuti munthuyo anali wace wa Major Sicard. Mau ocepawo aulula cimene Tete anali: mzinda wa ambuye ndi akapolo, ndipo a ulendo wodana ndi ukapolo anagona m'nyumba ya mwini akapolo.

Makina ojambulira analiponso pa ulendowo. Charles Livingstone ndiye anapatsidwa nchito yace, koma mankhwala ace sanagwirizane ndi kutentha kwa Zambezi, ndipo za iye zatsala zocepa ndithu. Kirk anajambula ndi makina ace a iye yekha pa mapepala opaka phula, ndipo zithunzi zace za nyumba ndi mitengo ziri mwa zoyamba zojambulidwa ndi makina m'maiko ano. Koma makina a masiku aja anafuna cinthu coima duu nthawi yaitali, ndipo mtundu wa cinthu sanauonetse. Nyumba ndi mlambe anazigwira bwino. Munthu wopalasa bwato, mkazi woumba mbiya, kufiira kwa dothi ndi kubiriwira kwa bango, izi zinatsalira burashi ya Baines.

Pakati pa caka ca 1859 mlandu unabuka. Charles Livingstone, amene sanamvane ndi anzace ambiri, anauza mkuru wace kuti katundu alikusowa, makamaka shuga, ndi kuti Baines alikutaya nthawi ndi nsaru za Boma polemba nkhope za Apwitikizi. David Livingstone, wolema ndi malungo ndi wosweka mtima cifukwa ca Kebrabasa, anakhulupirira mphwace. Bedingfeld anali atacoka kale mu 1858, Thornton anacotsedwa mu June 1859, ndipo kalata yocotsa Baines inalembedwa mwezi wotsatira. Baines anabvomera kuti buku la katundu linasokonezeka masiku a kudwala kwace, koma kuba anakana. Kirk ndi Rae anatumidwa kukafunafuna m'mabokosi ace, ndipo sanapeze kanthu koyenera kumchulira munthu mbala. Iye anapempha kuti mlandu wace umveke pamaso pa oweruza, kaya a Apwitikizi ku Tete, kaya a Angelezi kwina; sanaloledwe. Anamtsitsira ku Kongone pa mathiriro a Zambezi, ndipo mu December 1859 anakwera combo ca nkhondo kunka ku Cape Town, zithunzi zace zambiri zitatsala m'manja mwa eni ulendo.

Dzina la Livingstone lilemekezedwa m'maiko ano, ndipo liyenera kutero. Anadana ndi ukapolo kufikira imfa, natsegulira njira amishoni amene anadza pambuyo pace. Koma pa mlandu uwu analakwa. Anaweruza munthu wodwala pa umboni wa mbale wace, iye mwini nakhala wodandaula ndi woweruza yemwe, ndipo pamene Thornton anamlandiranso pambuyo pace, Baines sanambwezere mbiri yace. Buku la ulendowo litaturuka mu 1865, munali zithunzi zotengedwa ku nchito ya Baines, koma ulemu woyenera mwini wace munalibe. Olemba mbiri ambiri amene anasanthula makalata a ulendowo anafika pa mau amodzi, kuti munthuyo anali wosalongosoka pa mabuku, koma wosaba.

Baines sanakhale pansi kulira. Anaganiza kuti akafikanso pa Zambezi mwa njira yina, kapena akakomana ndi Livingstone nakamba naye maso ndi maso. Mu 1861 ananyamuka ku Walvis Bay, ku gombe la kumadzulo, pamodzi ndi James Chapman, mlenje ndi wamalonda, amene anatenga makina ojambulira. Panjira, m'dziko limene lero ndi Botswana, analemba gulu la milambo ya milambe pa cigwa ca Nxai. Mitengoyo iripobe, ichedwa ndi dzina lace, ndipo oiyerekeza ndi cithunzico apeza kuti yasintha pang'ono pokha. Mu July 1862 anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Makina a Chapman analephera pamenepo, koma Baines anakhala masiku ambiri m'mvumbi wa mathithiwo, alikuyesa miyeso ndi kulemba mbali ndi mbali. Zithunzizo zinasindikizidwa ku London mu 1865, ndipo mwa izo anthu ambiri a ku Ulaya anayamba kudziwa maonekedwe eni eni a malowo. Anafuna kupanga ngalawa kunsi kwa mathithi kuti atsike nazo kufikira ku Tete ndi ku nyanja yamcere, koma malungo ndi njala zinaononga nchitoyo, ndipo Tete sanamuonenso.

Za zaka zace zotsiriza pali cina cosakondweretsa. Mu 1869 anatsogolera ulendo wa kampani yofuna golidi kwa Amatebele ndi Amashona. Anapeza ufulu kwa Lobengula, amene analowa ufumu mu 1870, ndipo mu 1871 mfumuyo inampatsa cilolezo ca kukumba. Kampaniyo inalibe ndalama, ndipo Baines sanapindule kanthu koma ngongole. Koma kalata ya cilolezoyo inafika pambuyo pace m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, imene inalowa m'dziko la Amashona mu 1890; ndipo mapu amene Baines analemba mosamala anathandiza odzalanda dziko monga anathandiza ophunzira. Iye sanakhale ndi moyo kuti aone zimenezo.

Mu 1873, caka comwe Livingstone anamwalira kwa Citambo, bungwe la Royal Geographical Society linampatsa Baines wochi ya golidi cifukwa ca maulendo ace. Mlandu uja sunamveke konse m'bwalo liri lonse. Baines sanakwatire, ndipo cuma analibe. Alikukonza ulendo wina wa kumpoto, anagwidwa ndi kamwazi, namwalira ku Durban pa 8 May 1875, ali ndi zaka 54, naikidwa m'manda a West Street mumzinda momwemo.

Zithunzi zace ziri zikwi, ndipo zinabalalika. Zambiri za pa Zambezi zisungidwa ku London, m'nyumba ya Royal Geographical Society. Za mitengo ndi maluwa ziri ku Kew, zina ku Harare m'nyumba yosungira mbiri ya dziko, zina ku Johannesburg, ndi zina kwao ku King's Lynn. Zaka zambiri adzukulu a anthu olembedwamo analibe njira ya kuziona. Tsopano zambiri zinajambulidwanso ndi kuikidwa pa intaneti, kotero kuti mwana wa sukulu ku Sinda kapena ku Vubwi, akalemba dzina la Baines ndi la Tete pa foni, akhoza kuona mzinda umene makolo ace anali kutulako minyanga, usanamangidwe mlatho waukuru wa 1973, ndi nkhope ya Shibante woongolera ngalawa.